Mpando umene a Verna anausiya

A Verna Guidry ndakhala nawo khomo ndi khomo kuyambira ndisanakwatiwe. Iwo ali ndi malo ochapira zovala ndi makina, aja apakona pa msewu wopita kudoko, ine ndimakazinga nsomba ndi nkhanu pakhomo loyandikana nalo. Fungo la sopo wawo limalowa kwanga, la mafuta anga limalowa kwawo, ndipo nkhani imeneyi takangana mpaka imvi zamera. "Iwe Delphine, anthu akutenga malaya onunkha mlamba chifukwa cha iwe," amatero. Ine ndimati, "Achemwali, thokozani. Mwamuna wonunkha nsomba sabedwa ndi akazi ena."

Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, woti mutakumana naye m'basi simungamuyang'ane kawiri. Ine sinditama munthu wamba wamba, aliyense m'tauni muno akudziwa pakamwa panga. Koma mayi ameneyu ndimamuopa, ndipo ndikati kuopa ndikunena ulemu uja umakugwira m'maondo.

Amuna awo, malemu a Alcide, ankaphunzitsa ana kuimba malipenga. Namondwe wina wamkulu atagumula sukulu ya m'dera lathu, akuluakulu anati ana athu azikwera basi kupita kutsidya la mtsinje. A Alcide anakana. Anasonkhanitsa makolo, napita kukomiti ya boma yoyang'anira sukulu kukapempha chilolezo choti tiziyendetsa tokha sukulu yathu ndi ndalama za boma. Komiti inavomera monga mwa malamulo ake. Chilolezo chimakhala cha zaka zochepa, zikatha mumapita kukaonetsa ntchito yanu, ndipo ngati ana sakukhoza kapena mwaphwanya lamulo, komiti imakulandani sukulu. Lamulo lalikulu pa onse ndi lakuti sukulu yotere ndi ya mwana aliyense. Wanzeru, wovutika kuwerenga, wovuta, akalowa walowa, palibe zosankha.

Tinayambira mu holo ya tchalitchi, mipando yobwereka. A Verna ankachapa mayunifolomu a ana osalipiritsa, ine ndinkatumiza nsomba Lachisanu. A Alcide atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, Lucien, anabwera kuchokera kukoleji ndi kukhala mphunzitsi wamkulu. Abale, mwana anagwira ntchito ameneyo! Sukulu ija inayamba kukhoza mayeso a boma kuposa za anthu olemera a kumtunda. Alendo ankabwera kudzaona, a nyuzipepala ankajambula. Adzukulu anga awiri amaphunzira komweko, ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba ngati ndine ndinamanga.

Kenako anthu tinawakakamiza a Verna kuti aimire pachisankho cha mamembala a komiti ija. Anakana kawiri, kachitatu tinangowalembetsa, ndipo anapambana popanda wowayandikira. Kukomitiko kuli lamulo loti nkhani yokhudza m'bale wako ikafika, umatsika pampando, sulankhula, suvota. Iwo ankalisunga ngati lamulo la Mose. Dzina la sukulu ya Lucien likangotchulidwa, ankanyamula kachikwama kawo n'kukakhala pabenchi panja mpaka aitanidwe.

Chaka chimene chilolezo cha sukuluyo chimatha, mwezi wa Malichi, mayeso a boma atayandikira, ndinalowa kwawo m'mawa kukabwereka tsache. Ndinapeza akuyang'anitsitsa kamtsikana kena, Marcelle, kakupinda matawulo ndi mayi ake, a Yvette. Kanali katavala siketi ya sukulu ya Lucien.

"Mwana akudwala kodi?" anafunsa a Verna.

A Yvette anayamba kuseweretsa thawulo. "Ayi, mayi. Tamuchotsa."

"Mwamuchotsa bwanji pakati pa chaka?"

"Anandiitana ku ofesi. Akuti sukulu ija siyomuyenera, amachedwa kuwerenga, ndiye ndi bwino ndimusamutse ndekha asanabwereze kalasi. Anandilankhula bwinobwino, mpaka khofi anandipatsa."

"Anakulankhulani ndani?"

A Yvette anayang'ana pansi. "Musandifunse zimenezo, mayi. Mukumudziwa."

Kamtsikanako kankangopinda thawulo lomwe lomwelo. Kusukulu ina kumene a Yvette anapita kukafunsa malo anawauza kuti adikire chaka chamawa, ndiye kankangokhala.

A Verna anandipatsa tsache lija. Koma masiku otsatira anayamba kufunsa aliyense wobwera ndi dengu la zovala, chifukwa malo ochapira amamva zonse, kuposa ngakhale kwa ometa tsitsi. Anapeza kuti Marcelle sanali yekha. Panali wina wa chibwibwi, wina wosakhazikika m'kalasi, wina amene anangofika kuchokera kudziko la Honduras wosadziwa bwino Chingerezi. Onse anachoka mwezi womwewo, mayeso asanafike, onse makolo awo atamwa khofi ku ofesi. Ndipo sichinali chaka chimenecho chokha.

Lamlungu lililonse ndimadya kwa a Verna tikaweruka kutchalitchi, choncho ndinalipo tsiku limene anamufunsa Lucien. Anaphika gambo, msuzi wawo uja wa therere ndi nkhanu, anadikira kuti mkazi wa Lucien atulutse ana panja, ndiye anati, "Lucien, Marcelle ali kuti?"

Lucien anaika supuni pansi. Sanakane, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu.

"Amayi, mukufuna ndikuuzeni zoona? Ndi inu nomwe a komiti amene mumatipanikiza. Mukakhala pamipando yanu ija mumayang'ana chinthu chimodzi, ana akhoza bwanji mayeso. Zikatsika pang'ono mumatseka sukulu. Kutsidya mwatseka zingati? Ine ndili ndi ana mazanamazana. Nditaye onsewo chifukwa cha ana ochepa?"

"Ana ochepawo ndi a ndani?"

"Amayi, sukulu ya bambo anga imeneyi."

"Bambo ako anayamba ndi ana amene aliyense anawakana. Uwaitane abwerere, ukanene wekha kukomiti zimene wachita. Ndikupatsa mpata, mwana wanga."

"Ndikanena ndiye kuti ndatha."

"Ukapanda kunena ndinena ine."

Lucien anaseka, kuseka kowawa. "Simungathe. Lamulo lanu lomwe likukutsekani pakamwa. Mudzakhala pabenchi panja ngati masiku onse."

Atachoka, ine ndinawatembenukira. Ndinapsa mtima, sindibisa. "Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mwana ndi mmodzi yemweyu. Chibale ndi fupa, sichiola. Mukadzadwala adzakutengerani kuchipatala ndi Marcelle? Nanga adzukulu anga mukufuna azikakwera basi ya kutsidya?"

Anatola mbale mwakachetechete. "Iwe Delphine, mdzukulu wako wamng'ono uja amawerenga bwanji?"

Mwanayo zilembo zimamuzungulira mutu mpaka lero.

Lucien sanapite kukanena. Mayi ake anamuimbira foni, anamupitira kunyumba, iye anangoti nkhaniyo yatha. Tsiku la msonkhano linafika, Lachinayi madzulo dzuwa likadalipo. Holo ya komiti inadzaza, makolo atavala malaya obiriwira a sukulu, ana a malipenga akuimba pakhomo ngati ukwati. Aliyense ankadziwa kuti chilolezo chiperekedwa, nanga sukulu yokhoza chonchija angaikanize ndani? Lucien analankhula bwino, anthu anaomba m'manja. Kenako wapampando, bambo Hebert, anati, "Mayi Guidry, monga mwa nthawi zonse, titsanzikane pang'ono."

A Verna anaimirira, koma kachikwama sanakanyamule.

"Wapampando, ndili ndi funso kwa loya wathu. Ndikatsika pano, ndingalankhule pamalo paja pamene anthu wamba amalankhulira?"

Loya wa komiti, mtsikana waulemu wake, anapukusa mutu. "Pepani mayi, ayi. Malinga muli membala, pankhani iyi simungalankhule paliponse m'chipinda muno."

"Nanga ndikakhala kuti sindine membala?"

"Pamenepo ndiye kuti ndinu munthu ngati wina aliyense."

"Chabwino. Lembani kuti Verna Guidry wasiya mpando kuyambira pano."

Anatenga kathabwa ka dzina lawo patebulo, anakatembenuza chafufumimba, n'kutsika masitepe aja pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lawo. Mpando umene anthu amaulimbirana, umene ena amagulitsa nawo manyazi kuti aupeze, iwo anangousiya ngati akutsika basi. Holo yonse inaphulika. Anthu ankaimba nthungululu, ena akukuwa kuti, "Mayi ndi mayi basi! Akamenyere mwana wawo nkhondo!" Amene tinkadziwa tinali awiri, ine ndi Lucien. Ndinamuyang'ana, nkhope yake inali itachita phulusa.

Anakaima pamzere kumbuyo kwa anthu ena, kudikira nthawi yawo. Atafika pa maikolofoni anayenera kuitsitsa chifukwa cha msinkhu.

"Dzina langa ndi Verna Guidry, ndimachapa zovala. Sukulu iyi anayambitsa ndi amuna anga. Amene akuiyendetsa ndi mwana wanga, ndinamubereka ndekha, ndipo ndimamukonda kuposa aliyense m'chipinda muno. Sukulu iyi yakhala ikuchotsa ana ovutika mayeso akayandikira, kuti zotsatira zizioneka bwino. Makolo amauzidwa mwaulemu kuti asamutse okha. Sindikunena za m'maluwa, eni ake ali muno. Amene akufuna aimirire."

Ndiye kumbuyo kwenikweni a Yvette anaimirira atagwira dzanja la Marcelle. Kenako mayi wina. Kenako bambo wa mwana wa ku Honduras uja, chipewa chili m'manja.

A Verna anatembenukira anzawo a komiti aja. "Nafenso tisadziyeretse. Ndakhala nanu pamwambapo, tinkakondwera ndi ana okhoza, osafunsa kuti osowawo apita kuti. Sindikupempha kuti mutseke sukulu. Aphunzitsi ake ndi abwino, ana ake ndi athu. Ndikupempha kuti ana awa abwerere, ndipo mwana wanga achoke pampando wa mphunzitsi wamkulu."

Mawu akuti mwana wanga anawatuluka mosweka. Anagwira tebulo, anapuma, n'kunena kuti zikomo, ngati munthu amene wangopereka moni.

Amene ankaimba nthungululu aja anayamba kung'ung'udza. Mayi wina pafupi nane anati, "Mfiti iyi, kudya mwana wake yemwe." Ndinamutembenukira, ine ndemwe amene Lamlungu lija ndinkakalipa, ndipo ndinati, "Tseka pakamwa, iwe! Ukanatha iwe?" Misozi inali ikutsika, sindinaipukute.

Komiti sinavote tsiku limenelo. Inatumiza anthu kukafufuza, ndipo anapeza kuti zonse zinali zoona. Chilolezo chinaperekedwa cha nthawi yochepa, ana anaitanidwa kuti abwerere, anabweretsa mphunzitsi wamkulu wina, ndipo kuyambira pamenepo sukulu iliyonse imafunsidwa za mwana aliyense wochoka pakati pa chaka. Zotsatira za mayeso zinatsika, a nyuzipepala anasiya kubwera, koma sukulu ilipo. Mdzukulu wanga wamng'ono uja ali konko, palibe amene wandiitanira khofi.

Koma a Verna analipira. Kutchalitchi benchi yawo inakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Makasitomala ena anayamba kukachapa kutali, ndi mafuta a galimoto omwe, kungofuna kuwakhaulitsa. Lucien anagulitsa nyumba n'kusamukira kumzinda wakutali wa Houston ndi mkazi ndi ana, osatsanzika. Foni sayankha.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakati pa makina, manja ali pamiyendo. Ndinati, "Achemwali, simunong'oneza bondo?"

"Ndimalira tsiku lililonse, Delphine. Ukufuna ndinene chiyani?"

"Ndiye bwenzi mutangokhala pabenchi paja."

"Bwenzi ndikuliranso, koma ndikudziwa kuti ndine wakuba, wobera ana a eni."

Mwezi uliwonse amatseka malo awo Loweruka, amakwera basi ya m'mawa kupita ku Houston, ulendo wothyola msana kwa munthu wa zaka zawo. Amakagogoda kwa Lucien, chitseko sichitseguka, amakhala pakhonde mpaka nthawi ya basi yobwerera itakwana. Sapepesa, sakuwa, sachonderera. Ine ndinawauza kuti, "Mukudzizunziranji? Munthu wakana, musiyeni." Anati, "Ndinamuchotsa ntchito, sindinamuchotse umwana."

Ulendo wathawu ndinapita kukawachingamira pamalo otsikira basi. Anatsika akutsimphina, nkhope itapsa ndi dzuwa, koma m'maso muli china chake.

"Watsegula?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga mukumwetuliranji, achemwali?"

Anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa. "Anakankha zenera pang'ono. Akuti, amayi, sunthirani kumthunzi, dzuwa likupwetekani. Wamva, Delphine? Akuti amayi."