Nambala ya Manda a Mayi Lestina

Pa esiteti yonse ija, kuyambira ku fakitale mpaka ku komboni ya kumtsinje, ukafunsa za a Fabiano anthu ankangoti, oo, a kompyuta aja. Eni ake dzinalo ankalikonda, tisabise. Ankayenda atapisira malaya oyera, zolembera ziwiri m'thumba, ndipo podutsa m'minda m'mawa ankalonjera othyola tiyi mokweza mawu kuti pasapezeke wonena kuti ofesi yawalowa m'mutu. Koma inali itawalowa ndithu.

Anabadwira mukomboni momwemo, m'nyumba ya chipinda chimodzi. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, bambo awo anamwalira iwo ali Sitandade 4, ndipo mayi awo, a Lestina, anathyola tiyi zaka makumi atatu mpaka zala kupindika. Ana anali awiri basi, Fabiano ndi mlongo wake Teleza. Mayiwo ngakhale dzina lawo sankatha kulemba, ankadinda ndi chala, komabe mwana wamwamunayo anamukankha mpaka Folomu 2. Mu 1994 a Fabiano analembedwa ukalaliki wa pa sikelo yoyezera masamba. Anali ndi dzanja lokongola polemba, komanso anali munthu wosafunsa mafunso, ndipo mabwana munthu wotere samutaya. Makompyuta atafika mu ofesi, bwana Rodwell, woyang'anira ofesiyo, wochokera ku Lilongwe, anawachotsa pa sikelo n'kuwapatsa mpando. Mu Febuluwale 2002 anawatumiza ku Limbe kukachita kosi ya masabata atatu.

Ali komweko, kolera inalowa mukomboni. Mvula inagwa usana ndi usiku, zimbudzi zinasefukira, ndipo m'masiku khumi okha anthu makumi awiri ndi atatu anapita. A Lestina anali m'gulu lomwelo. Teleza nayenso anali thapsa mu tenti ya odwala, diripi ili pa mkono, osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Maliro a kolera sakhala ndi mwambo. Azaumoyo anakulunga mitembo m'mapulasitiki, kuthira mankhwala, n'kukaika okha pangodya ya manda, achibale ataimikidwa kutali kumsewu. Pa mtumbira uliwonse anazikapo kachidutswa ka lata kolembedwa nambala ndi penti, ndipo dokotala wa pa kiliniki analemba m'kope dzina la munthu pambali pa nambala yake. Nanga uthenga kwa a Fabiano? Bwana Rodwell anaona kuti poti maliro aikidwa kale, kumusokoneza munthu pa maphunziro n'kosathandiza. A Fabiano anamva za imfa ya mayi awo atatsika minibasi pa Boma, setifiketi ili m'manja, kwa mayi wogulitsa nthochi amene ankaganiza kuti akudziwa kale.

Kope ija inapita ku ofesi. Mayi Pearl, amene ankatayipa makalata, anakopera mayinawo mu kompyuta yawo atavala magolovesi, mphuno atakwinya, ndipo atamaliza kopeyo anakaiwotcha kuseri poti inachokera mu tenti ya kolera. Dokotala uja chaka chisanathe anasamutsidwa. A Fabiano atakafunsa nambala ya mayi awo, a Pearl sanatukule n'komwe mutu. Anati ili mu kompyuta, siithawa, adzabwere akadzafuna kumanga chiliza. Ndipo kunena zoona sanalakwe kwenikweni. Kwathu kuno kumanda salowako ngati m'munda mwako. Umalowako pa maliro kapena pomanga chiliza, akuluakulu atavomera, ndipo akakuona ukuyendayenda wekha pakati pa mitumbira mawa lake dzina lako ndi mfiti. Nambalayo tsiku limenelo inalibe ntchito. A Fabiano anabwerera kunyumba n'kukamuuza Teleza, yemwe anali akuyendabe chogwira khoma, kuti asade nkhawa: pepala chiswe chimadya, mutu wa munthu umaiwala, koma kompyuta siiwala. Anayankhula mokhathamira, ngati anaipanga okha.

Tsono ntchito yawo inali iyi. Kuseri kwa ofesi kunali kachipinda kopanda zenera, ndipo m'menemo munkakhala bokosi lakuda lotchedwa seva. Pa esiteti yonse, chipinda chokhala ndi makina oziziritsa chinali chokhacho. Odwala ku kiliniki ankasamba thukuta, bokosi likupuma kamphepo kayaziyazi. Sabata iliyonse sevayo inkakopera zonse za m'makompyuta a mu ofesi n'kuzisunga mu foda yolembedwa tsiku lake. Makope amenewa ankawatcha mabakapu. Vuto linali loti seva inali ndi mimba yaing'ono, sinkachedwa kudzaza. Mkulu wa ku Blantyre amene anaiika anati pali pulogalamu yochotsa yokha zakale, koma kampani inati ya chiyani pamene a Fabiano alipo. Ndiye Lachisanu lililonse, 3 koloko masana, ankavala juzi, kulowa m'kachipinda kaja, n'kuchotsa mabakapu akale pamanja, imodziimodzi.

Bwana Rodwell anawalangiza kamodzi kokha, ataima pakhomo. "Muziyambira zakale kwambiri. Osatsegula, za m'katimo si zanu. Ndipo mafoda a pamwamba okhala ndi nyenyeziwo osawakhudza." A nyenyeziwo anali a kampani: kagwedwe ka mvula ndi zokolola za munda uliwonse kuyambira nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo zithunzi za bwana wamkulu.

Abale, munthu womvera ngati a Fabiano sindinamuone. Zaka zisanu, foda ngakhale imodzi osatsegula. Ankasankha yakale kwambiri, kompyuta n'kuwafunsa m'Chingerezi ngati atsimikizadi, iwo n'kudina kuti inde. Kenako ankatenga buku lachikuto cholimba limene anagula okha ku Bvumbwe, lojambulidwa mizere ndi rula, n'kulembamo dzina la foda, tsiku lochotsa, ndi siginecha yawo ya kamchira kopiringizika. Bukulo palibe anawatuma. Ankangofuna kuti tsiku lina wina adzaone kuti mwana wa wothyola tiyi amagwira ntchito yaudongo. Anakwatira, ana anabadwa awiri, anapatsidwa nyumba ya malata pafupi ndi ofesi, ndipo kutchalitchi anawasankha kukhala mlembi.

Mu Juni 2004 mayi Pearl anapeza ntchito ku Blantyre n'kuchoka. Kompyuta yawo, poti inali yokalamba, inachotsedwa n'kubwera yatsopano. Mkulu wa ku Blantyre uja anasamutsa makalata a bwana okha, zotsalazo anati zilipo pa bakapu. Amene ananyamula kompyuta yakaleyo kukaiponya ku sitolo ya zowonongeka, kumene denga linkadontha, anali a Fabiano omwewo. Apa ndi pamene akanadzidzimuka. Mayina aja tsopano anatsala m'mabakapu akale okhaokha, ndipo mabakapu akale ankadikira chala chawo Lachisanu lililonse. Koma munthu wouzidwa kuti asatsegule angaganize bwanji za zimene zili m'kati? Anasasa fumbi m'manja n'kubwerera pa mpando.

Chiliza chinachedwa, monga mmene ziliza zimachedwera. Teleza anali atakwatiwa kudera la kwa Mphuka, ndipo chaka chilichonse akabwera ankakumbutsa achimwene ake kuti anthu ayamba kuyankhula: mwana ali mu ofesi, mayi agona ngati mlendo wopanda abale. Mwini mbumba anali a Fabiano, nkhaniyo inali pa mutu pawo. Mu 2007 zonse zinalongosoka. Teleza anaumba njerwa yekha n'kuwotcha, a Fabiano anabweretsa simenti ndi kamwala kolembedwa dzina, akuluakulu a mpingo ndi a kumanda anavomera Loweruka lachiwiri la Seputembala. Chimera cha thobwa chinanyikidwa, abale a ku Mulanje anauzidwa. Za nambala a Fabiano anazisiyira Lachitatu la sabata yomweyo. Nanga si kompyuta siiwala?

Esnat, mtsikana amene analowa m'malo mwa a Pearl, anafufuza mu kompyuta yake n'kupukusa mutu. A Fabiano anaseka, anati n'zapafupi, zili pa seva. Analowa m'kachipinda kozizira kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anatsegula foda. Yakale kwambiri inali ya kumapeto kwa 2005. Za a Pearl munalibe. Anatsegula yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza, thukuta lili kamukamu m'chipinda chimene anthu ankavaliramo juzi. Kenako anatenga buku lawo lija n'kuyamba kutsitsa chala m'mizere. Anaipeza mosavuta, poti bukulo linali laudongo: foda ya pa 25 Juni 2004, yomaliza kusunga za kompyuta ya a Pearl, inachotsedwa Lachisanu pa 10 Malichi 2006. Pambali pake panali siginecha yawo, kamchira kapiringizika bwinobwino.

Bwana Rodwell anamvetsera akuyang'ana pa wotchi. Anaimbira foni mkulu wa ku Blantyre, yemwe anati pamene panali zimenezo panalembedwa zina kalekale, palibe chingabwerere. Bwanayo anapepesa, kenako anawonjezera kuti zofunika zonse kampani inasunga. A Fabiano atati tsamba la mayina lija linali lofunika, anafunsidwa funso limodzi lokha. "Nanga anachotsa ndani, a Fabiano? Ine?"

Anabwerera m'kachipinda kaja mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola. Poti lamulo anali ataliswa kale, anatsegulanso mafoda a nyenyezi. Zonse zinalimo, zosasowa ngakhale tsiku limodzi. Anapeza kuti pa 19 Febuluwale 2002, tsiku limene mayi awo anaikidwa, panagwa mvula ya mamilimita 41. Anapeza makilo a masamba amene anathyoledwa m'munda nambala 12, umene a Lestina anakalambiramo. Anapezanso zithunzi makumi anayi za agalu a bwana wamkulu, galu aliyense ndi dzina lake pansi.

Lachinayi anayesa paliponse. A Pearl pa foni anati mayina a zaka zisanu zapitazo angawakumbukire bwanji, iwo ankangotayipa. Kumene kunapita dokotala uja palibe ankadziwa. Azaumoyo amene anakumba manda anali ochokera ku Boma ndipo anabalalika kalekale. Lachisanu a Fabiano anaganiza zokwera njinga kupita kwa Mphuka kukamuuza Teleza, koma 3 koloko itakwana anapezeka atavala juzi. Seva inali itadzaza.

Loweruka anthu anasonkhana m'mawa, amayi a mpingo atavala zoyera, abale a ku Mulanje atafika ndi nkhuku. Atapemphera, amuna analowa ndi zikwanje kukalambula pangodya paja. Timalata tonse tinalipo, tadzimbiri koma manambala akuwerengeka, kuyambira wani mpaka twente-fili, mizere itatu. Mitumbira inali itatitimira mofanana, udzu utamera mofanana. Amisiri anatula njerwa n'kuima. Teleza anasendera pafupi, atafunda chitenje kumutu.

"Achimwene, amayi ndi ati?"

Maso onse anali pa a kompyuta. Iwo anayang'ana timalata tija. Kunena zoona kunali kuulula pamaso pa mlongo wawo, pa mpingo ndi pa abale kuti mayi awo anawafufuta okha ndi chala chawo, makina atawafunsa ngati atsimikiza, iwo n'kuvomera. Anachita mantha, ndipo manyazi anaposa mantha.

"Seveni," anatero.

Amisiri anayamba kukumba maziko. Teleza anagwada pa mtumbira wa nambala seveni n'kulira kulira kumene anakusunga zaka zisanu, akuyankhula ndi mayi ake m'Chilomwe, kuwapepesa kuti anachedwa, kuwatchulira mayina a zidzukulu zimene sanazione. A Fabiano anaima chilili, diso lili gwa, ndipo anthu ankanong'onezana kuti bambowa ndi olimba mtima. Chiliza chinatha dzuwa litapendeka, chokongola ndithu, dzina la a Lestina lili pamwamba. Pansi pake pangakhale a Lestina, pangakhale mlonda wa ku fakitale, pangakhale mwana wa munthu wina, ndipo wodziwa kuti sizikudziwika anali mmodzi yekha.

Pobwerera, anthu akumwa thobwa pabwalo, kunabwera a Anesi, mayi wokalamba wa mukomboni amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi a Lestina. Amuna awo anapita sabata yomwe ija ya kolera. Anagwada movutikira, nagwira dzanja la a Fabiano ndi manja awo onse awiri, zala zili zopindika ngati za mayi awo.

"Mwachita bwino, bambo, mayi anu agona tsopano. Nafenso mutionereko m'makina anuwo. Amuna anga ali pomwe paja, zaka zisanu sindidziwa polirira."

Kumbuyo kwawo kunali kutaima amayi ena atatu ndi bambo mmodzi, chipewa chili m'manja, onse akudikira kuti a Anesi amalize. A Fabiano anayang'ana pansi. Timalata totsala tinali makumi awiri ndi tiwiri. Anawauza kuti abwere ku ofesi Lachisanu.