Chitenje cha amayi pa thanga la bwato

Anzanga, sindizolowera kulemba. Ndine Jobe, kalipentala. Mkazi wanga anamwalira kale.

A Consolata, telala wa ku Ntcheu, ndinakumana nawo ku Upper Hill, muno mu Nairobi, m'nyumba yoonetseramo zaluso. Tonse anatilemba ntchito mayi Lien, amene makolo awo anathawa ku Vietnam pa bwato iwo ali khanda. Ankafuna bwato la matabwa, thanga lake losokedwa ndi nsalu za anthu ochoka kwawo, nkhani zawo zikumveka pa speaker m'kati mwake. Ine ndinkakhoma, a Consolata ankasoka.

"Achimwene, misomali mukuimwaza ngati mukufesa mawere."

"Valani nsapato."

Anaseka. Tsiku limenelo tinakwera matatu imodzi, minibasi ya ku Rongai. Itatha miyezi itatu tinali tikukamba za ankhoswe.

Pamenepo ndinawaonetsa a Consolata chitenje cha amayi. Amayi atamwalira sindinapite kumaliro, passport inali itatha. Kumpingo ndinanama kuti ndapita, ndinadzitsekera m'nyumba masabata awiri. Pogawa zovala za malemu, alongo anga ananditumizira chitenjecho.

"Chang'ambika m'mphepete, mundisokere. Koma ndakuuzanizi zithere pano."

"Musadandaule, bambo."

Sabata inatha. Ina inatha.

"Chili kuti?"

"Mawa, bambo."

Kuntchito a Consolata anayamba kulipinda thanga ndikangolowa. Ndinadula matabwa awiri molakwika, zimene sindichita.

Tsiku lotsegulira chionetsero, a kumpingo kwathu anabwera ambiri, ndinawaitana ndekha. Atachotsa chophimba ndinachiona chitenje chija. Chinali pakati pa thanga, chodulidwa patatu.

Kenako m'bwato munamveka mawu a Consolata, akufotokoza m'Chingerezi za kalipentala wa ku Malawi amene sanaike mayi ake, nanamiza mpingo.

A Chancellor, mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzandipepesa "nditabwerako kumudzi", anacheuka n'kundiyang'ana.

Panja a Consolata anandigwira malaya.

"Dzina sindinatchule ine."

"Akalipentala a ku Malawi tilipo angati muno mu Nairobi?"

"Zakulemerani nthawi yaitali, bambo. Ndimati mupepukidwe."

"Ndinakupemphani kusoka mphepete."

Mayi Lien anadabwa, iwo ankayesa ndinavomera. Anazimitsa mawuwo, natenga sizasi kuti amasule nsaluyo. Anati nawonso sanawaike agogo awo.

Ndinati aisiye. Zidutswa zitatu si chitenje.

Bwatolo akulipakira mwezi wamawa, akukalionetsa kunja. Nsalu ya amayi ikwera ndege imene ine sindinakwere.

A Consolata aimba foni kasanu. Sindinayankhe.

Anzanga, munthu angakukondeni, koma n'kuyesa kuti chinsinsi chanu chasanduka chakenso. Ndalemba kuti mumve kwa ine mwini.

Mawa ndi Lamlungu. Jekete ndasita. Sindikudziwa ngati ndikalowe m'tchalitchi.