Ulusi wa m'mutu mwanga

Nthawi ya chipani chimodzi ija, malemu amuna anga ankayendetsa lole. Tsiku lina anatinyamula amayi kukavina ku Boma. Titafika pa Ngara, injini inayamba kudontha madzi polumikizira paipi, mazinga atatha. Tikanachedwa, anyamata a chipani akanawatsekera iwowo. Amuna angawo ankafuna kansanza kokulunga pamazingapo, koma tonse tinali mu nsalu ya chipani, yoti munthu sungayerekeze kung'amba.

Ine ndinangovula duku n'kumasula ulusi womwe ndinalukira tsitsi.

"Amama, nanga mutuwo?" anatero amuna anga.

"Mangani injini yanu, adada, mutu ngwanga."

Anakulunga ulusiwo, anapaka sopo, n'kumanga ndi sipanala. Madzi aja zii! Tinafika anzathu asanayambe. Ndinavina duku litapendekeka, iwo atatsamira lole yawo, akundiseka.