Nthochi za Bambo Anga

Impso za bambo anga zitafooka, adokotala anandikhazika pansi ine, mwana wawo wamkazi amene ndinkawasamala ku Kawale. Anati mu nthochi, mapeyala ndi mbatatesi muli mchere wina wotchedwa potaziyamu. Kwa munthu wabwinobwino mcherewu ndi wofunika, umathandiza mtima ndi minofu. Koma impso zodwala zimalephera kuutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi mtima ukhoza kungoima.

Ine ndinamva. Amene sanamve ndi Kawale yense.

Kwathu kuno wodwala sazondedwa chimanjamanja, ndipo aliyense amanyamula nthochi basi. Amayi a kutchalitchi, nthochi. Anzawo a bambo a kugalaja ku Biwi, nthochi. Azakhali anga a ku Area 25 anabwera ndi phava lonse m'jumbo. Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma.

"Iwe mwana, nthochi inaphapo ndani?" anatero azakhali. "Si paja amati zimatsitsa BP? Achimwene, idyani mupeze mphamvu."

Bambo sankadziwa kukana mlendo. Anasenda ziwiri n'kudya, akundiyang'ana cham'mbali ngati mwana woba shuga. Zotsalazo anazimaliza ine ndili kumsika. Sabata yomweyo miyendo yawo inalefuka, mtima ukugunda modumphadumpha, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Adokotala anandifunsa mokalipa zimene ndinkawadyetsa. Ine! Ndinapsa mtima.

Titabwerako ndinasiya kufotokoza. Kubweza mphatso kukanawachititsa manyazi bambo, ndipo kuibisa sikunkatheka poti alendo ankafuna kuona ikudyedwa. Ndiye mlendo akangoika nthochi patebulo, ndinkathokoza mwaulemu, n'kukhala pamkeka, n'kuzidya ndekha iye akuona. Zinayi, zisanu, mpaka mimba kuwawa. Bambo ankangoyang'ana kudenga, mlendo kukamwa kuli yasa.

Mbiri inawanda msanga. Pampopi ankati mtsikana uja amalanda chakudya cha bambo ake odwala. Ena anasiya kundipatsa moni. Zinkandiwawa, ndisaname, ndipo ndinkakalirira kubafa. Bambo okha ndi amene ankati alendo akapita amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepa mwanawe."

Anakhala nafe mvula zina ziwiri. Pamaliro awo, nditakhala m'nyumba pamodzi ndi azimayi, ndinamva awiri akunong'onezana kumbuyo kwanga: "Akanalimba bwanji munthu, nthochi yomwe ankamumana?"

Ndinatembenuka kuti ndiwayankhe, koma mboni yanga inali imodzi yokha, ndipo inali m'bokosi patsogolo pathu.