Gauni Ndinavala, Mayeso Sindinalembe

Ndikukumbukira fungo la gauni lija. Linkanunkha chinyezi ndi thukuta la munthu wina, pakuti tinkabwerekana. Magauni analipo anayi okha, ife a Fomu 4 kalasi yonse.

Kusekondale ya boma sindinasankhidwe. Zinali zaka zija matipate atangoyamba, sukulu za pulaiveti zikumera paliponse ngati bowa. Bambo anga, omwe ankatsika ndi nkhuni pamutu kuchokera kuphiri, anandipezera malo pa ina ku Matawale. Nyumbayo kale inali golosale, mashelefu anali akadali kukhoma. Eni sukuluyo, amenenso anali ahedi, anali bambo onenepa, oseka ndi aliyense. Masiku ano munthu akandisekerera chotero, ndimagwira chikwama changa.

Mnzanga Esinati ankaphunzira ya boma. Tsiku lina tikuchapa kumtsinje wa Likangala anandifunsa ngati tajambulitsa zithunzi za chiphaso cholowera mayeso. Iwo anali atajambulidwa kale, ndipo aliyense anasaina pandandanda wa mayina, ataona kuti dzina lake ndi maphunziro ake zalembedwa bwino. Anati satifiketi imafuna kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, koma choyamba dzina lifike kwa olembetsa mayeso. Ife zonsezo tinali tisanazimve.

Ndinakafunsa ahedi. Anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Zosainasaina n'za kuboma, mwanangu. Kuno zonse timamalizira mu ofesi. Iwe kawerenge basi."

Ndinawakhulupirira. Anali atavala tayi.

Ndiye kunabwera mwambo wotsanzikana, mayeso asanayambe. Kuboma kunalibe zotere, ndipo ndinadzitama kwa Esinati. Anatiitana mmodzimmodzi, kutiveka gauni, kutipatsa pepala lolimba la chidindo chagolide. Wojambula akangoti khethe, unkavula msanga kuti avale mnzako. Amayi analulutira mpaka mawu kusasa. Bambo analigwira pepalalo ndi nsonga za zala, kuopa kulidetsa ndi utomoni wa paini.

M'mawa wa mayeso chifunga chinali chitakwirira phiri lonse. Sukulu yathu sinali malo olembera, choncho anatiuza kuti tipite ku ya boma ija. Tinaima pamzere, zolembera m'manja, zala zili zii. Mayi woyang'anira mayeso anawerenga mayina, anthu n'kumalowa. Esinati analowa osacheuka. Mayina atatha, panja tinatsala ife tokhatokha.

Ndinatulutsa pepala langa la chidindo chija. Mayiyo analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundibwezera mwaulemu.

"N'lokongola, achemwali. Koma mayina anu sanabwere."

Belu linalira. Kudzera pawindo tinamva mapepala akutembenuzidwa, onse nthawi imodzi, ngati mphepo m'mabulugamu. Phokoso limenelo silinandichoke m'makutu. Titathamangira ku Matawale tinapeza loko pachitseko, ahedi akuti apita kumaliro. Maliro akewo sanathe mpaka lero.

Bambo sanakalipe. Anangochotsa pepala lija pakhoma pomwe ndinali nditalibwezera, n'kutenga nkhwangwa. Kuyambiranso sikunatheke. Chaka chotsatira ndinakwatiwa.

Akuti masiku ano zinakhwima, sukulu imayenera kuvomerezedwa ndi boma, mwana amaona yekha dzina lake. Akuti. Ana anga atafika Fomu 4 ndinkapitabe ndekha kukaloza dzinalo ndi chala, mpaka aphunzitsi anandipatsa dzina loti Apolisi. Koma magauni ndiye achuluka. Sabata yatha mdzukulu wanga Tadala, wa zaka zisanu, anavekedwa lake kusukulu ya mkaka, chipewa chikumugwera m'maso. Anthu onse ankaomba m'manja. Ine ndinamukokera pambali mphunzitsi wake.

"Ku Sitandade 1 dzina lake mwatumiza?"

Anaseka, nati agogo musadandaule, zonse timamalizira mu ofesi.

Lolemba m'mawa ndinali kale pakhomo la sukulu ya pulaimale, mwana kudzanja.