Chowinda changa chasiya manda a mkazi wanga opanda chiliza

Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula, koma tsiku lina ndinalankhula mopitirira muyeso, ndipo mawu amenewo andimanga mpaka lero. Ndalemba izi kuti wina amene akufuna kudziphunzitsa yekha asagwe m'mbuna imene ndilimo ine.

Kwathu ndi ku Mkanda, koma ndimakhala chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi. Sukulu ndinalekezera Fomu 3. Mkazi wanga ankakonda kundiuza kuti ndikalembe mayeso a Fomu 4, ine n'kumangoti tiona fodya akatha. Fodya sanathe, iye ndiye anatsogola.

Tsiku lometa maliro, atsibweni a malemu, amene ndi eni mbumba, anafunsa za chiliza. Pamudzipo mkamwini woferedwa amayamba wamanga chiliza, kenaka amamsudzula kuti akhale mfulu kubwerera kwawo. Ine, ndili pachisoni chachikulu, ndinaimirira n'kuwinda pamaso pa Mulungu ndi anthu kuti chilizacho ndidzamanga ndikadzatenga satifiketi, monga malemu ankafunira. Ndinawonjezanso kuti ndilemba maphunziro onse chaka chimodzi, powerenga ndekha. Amayi ena analira. Atsibweni anangoti, "Tamva, akamwini. Mawu ndi anu."

Ndinabwereka mabuku ambirimbiri n'kuyamba ngati munthu wofuna kupalira munda wonse tsiku limodzi. Lero masamu, mawa sayansi, mkucha Chingerezi, popanda chimene ndamaliza. Sindinadziyese n'komwe kuti ndidziwe zimene ndinaiwala. Ndinkalimbana ndi buku la Fomu 4 chonsecho za Fomu 1 zinali zitauluka kalekale.

Kenaka mvula inagwa. Kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, ntchito imene tinkagwira awiri inanditsalira ndekha. Ndikatsegula buku ndi manja akuda ndi phula la fodya, tulo tinkanditenga ndisanatsirize tsamba. Mphunzitsi wina wa mu mphakati wathu wa kutchalitchi anandilangiza kuti ndisankhe maphunziro ochepa, ena ndidzalembe chaka chinacho. Ndinamuthokoza mwaulemu, koma sindinamvere. Ndinali nditanena kuti onse, ndipo kuchepetsa ndinkakuona ngati kunamiza Mulungu.

Mayeso ndinalemba pakati pa ana a msinkhu wa ana anga. Mapepala ena ndinangolembapo dzina. Ndinalephera. Chaka chotsatira, chifukwa cha manyazi, ndinasenzanso mtolo womwewo, ndipo ndinakhoza Chichewa ndi phunziro la Baibulo basi.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndadzitsekera ndekha. Amayi anga ku Mkanda akalamba, munda wawo ukugonera, koma sindingasamuke chifukwa sindinasudzulidwe. Ndimangopalasa njinga kukawaona n'kubwerera. Alamu anga tikakumana pachigayo amandiseka kuti, "Aprofesa, kodi achemwali athu adikire masamu mpaka liti?" Ndimaseka nawo, koma mawuwo amandilasa, chifukwa sakunama.

Ndinapita kwa atsibweni kukapepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ife sitinakupempheni satifiketi, akamwini. Mukafuna, mangani ngakhale mawa. Koma kodi munawinda kwa ife kapena kwa Mulungu?" Khomo anali atanditsegulira, koma mtima wanga unakana kutulukirapo. Ena amati Mulungu sasunga mangawa otere, mwina akunena zoona. Ine ndinaleredwa kuti chimene wawinda uchite.

Chimene ndachita tsopano n'chimene ndinayenera kuyamba nacho. Ndabwerera kwa mphunzitsi uja. Wandiyesa, ndipo masamu ndayambiranso a Fomu 1 osachita manyazi. Ndatenga maphunziro ochepa, ndachepetsa munda wa fodya, ndipo sabata iliyonse ndimalimbana ndi mutu umodzi mpaka nditaumvetsa. Zikuyenda, koma pang'onopang'ono, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamasuka liti.

Inu owerenga, makamaka amene mukuwerenga panokha, musadziikire malire ophunzira mtima uli wowawa kapena anthu akukuyang'anani. Yambani mwadziyesa kuti mukudziwa zotani. Yang'anani ntchito za pakhomo panu ndi nyengo yake, muone nthawi imene muli nayodi, osati imene mukulakalaka. Ndipo chinthu chimene ena akuchidikira musachimangirire pa mayeso, chifukwa mukalephera simulephera nokha.

Mvula yayambanso kuno. Ndikamadutsa njira ya kumanda popita kutchalitchi ndimayang'ana kumbali, chifukwa ndikudziwa kuti mtumbira uja ukunka nuphwa. Ndikanayamba ndi zochepa, bwenzi lero dzina la mkazi wanga litalembedwa pachiliza.