Bulangete Kumutu, Mapazi a Anthu Ena

Ine sindiyenda pakati pa gulu. Ngakhale pokwera khombi, minibasi ya kuno, ku Entumbane ndimaima pambali, chikwama kukhwapa, mpaka ndione ndekha kumene mzerewo ukulowera. Adzukulu anga amandiseka. Aziseka.

Tsiku loika maliro a amuna anga ndi lokhalo limene ndinalola kuyenda osaona. Bambowo ankawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin mpaka chifuwa chinawamaliza. Tikunyamuka pakhomo ku Emakhandeni, amayi a kumpingo anandifunditsa bulangete kumutu, monga amachitira ndi wamasiye kuno. Ndinakana. Mlamu wanga, mchemwali wa malemuwo, anandinong'oneza, "Alamu, musatichititse manyazi. Mukufuna kuona chiyani? Tikugwirani ife."

Linali Loweruka, ndipo kumanda kunali maliro ambiri. Galimoto ya bokosi inalowa patsogolo ndi azibambo, ife amayi tinatsika basi pachipata n'kuyamba wapansi. M'bulangetemo ndinkangoona fumbi ndi nsapato. Mlamu anandigwira mkono wamanja, mayi wina wamanzere.

Titayenda pang'ono ndinamva kuti tachuluka. Mapewa anayamba kundikhula, mayendedwe anafupika. Basi ina inali itatsitsa anthu ake ndipo tinasakanikirana. Nyimbo sinandithandize. Ana athu anasiya kuimba za Chichewa, ndiye ife ndi iwo tonse tinkaimba imodzimodzi ya Chindebele, ndipo inangokula.

Kenako mapazi a kumanzere kwanga anapendekera kumanzere. A kumanja nawo anatero. Anganso anatero. Palibe anandikoka, palibe anafuula kuti njira ndi iyi. Ndinati, "Alamu, tikukhotatu."

"Yendani, tili ndi anthu."

Tinaima. Mlaliki anayamba, mawu oti sindinawamvepo. Anati "umama wethu lo", mayi wathu uyu, analera ana amasiye, ankagulitsa tomato pamsika. Ndinavula bulangete lija. Bokosi loyera, pamwamba chithunzi cha mayi wosamudziwa. Pondizungulira amayi athu ambiri ndithu, maduku a mpingo wathu kumutu, ena akulira kale.

Ndinathamanga modumpha mitumbira, ine wa mawondo awa. Gulu lathu ndinaliona patali, kutsidya lina la manda. Pofika ndinapeza mafosholo akusalaza dothi pamwamba.

Mwana wanga woyamba anandigwira. "Amayi! Anati mwakomoka, mwatsala m'basi. Ogwira ntchito kuno amatifulumiza, pali ena akudikira."

"Anati ndani?"

Anatembenukira amalume ake. Amalume akewo anayang'ana mkulu wa mpingo. Mkulu wa mpingo anati anamva kumbuyo.

Sabata yonse ya maliro, ndili pamatiresi pabalaza, ndinkawaitana amayi aja mmodzimmodzi. Ndani anayamba kukhota? Wina anati ankatsata mayi wa siketi yobiriwira. Wa siketi yobiriwirayo anapepesa m'Chindebele, "Uxolo gogo, ine ndimaona nsana wa alamu anu." Mlamu anati iye anamva ineyo ndikupendekera, n'kuganiza kuti ndaona njira pansi pa bulangete.

Ndinkamukayikira mlamuyo, ndisaname. Nyumba ino ankaiyang'ana kuyambira kale. Ndinamutchera mafunso miyezi, lero chonchi, mawa mwanjira ina, kuti apunthwe. Sanapunthwe. Ndikanakonda atapunthwa. Mdani umadziwa pomuikira diso. Koma apa aliyense ankangosunga mpata wake ndi mnzake wapafupi kuti asamuponde, aliyense ndi miyendo yakeyake, ndipo chinthu chonsecho chinakhota ngati chili ndi mutu. Ndimazionanso mbalame zing'onozing'ono zikamauluka chigulu pamwamba pa minda ya chimanga ya m'mbali mwa msewu, zonse kutembenuka kamodzi. Anthu amati n'zokongola. Ine ndimayang'ana kwina.

Zaka zonse zimene bambowo ankadwala, mankhwala ndinkawapatsa ndekha, chakudya chochokera kwa aneba ndinkayamba ndalawa. Bokosi ndinasankha ndekha, ndinaligogoda mbali zonse. Koma kutsika kwake sindinakuone. Dothi langa ndinaponya pa mtumbira wotha kale, silinagunde thabwa.

Ndikapita kumanda kukazula udzu ndimawerenga kawiri nambala ya pakachitsulo kozikidwa pa mtumbirawo. Mitumbira ya mzere umenewo ndi yofanana, yonse ya Loweruka lomwelo. Mwana wanga ndimamufunsabe kuti unaona ndi maso ako, ndi pano? Kale ankayankha kuti inde amayi. Masiku ano amangotenga khasu n'kuyamba kulambula, ndipo ine ndimaima kumutu kwa mtumbirawo n'kuwauza bambowo za kunyumba, motsitsa mawu, poti mwina ndikuuza mlendo.